Pepala lokana kudzutsa mtima silichotsa wodwala m'manja mwa namwino

Amalawi ambiri, pamodzi ndi anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe, lero akudya thukuta lawo m'zipatala za boma za NHS ndi m'nyumba zosamalira okalamba ku Britain. Adachuluka kwambiri kuyambira mu 2022, pomwe boma la kumeneko lidayamba kupereka maviza kwa osamalira okalamba ochokera kunja. Aliyense wa iwo, sabata yoyamba isanathe, amakumana ndi pepala lina limene kwathu sadalionepo. Limakhala pamwamba penipeni pa fayilo ya wodwala, m'madera ambiri lili ndi mzere wofiira m'mbali, ndipo pamutu pake palembedwa DNACPR. Ku America amati DNR. Uthenga wake ndi wakuti mtima wa munthuyu ukaima, kapena akaleka kupuma, ogwira ntchito asayese kumudzutsa pomudinikiza pachifuwa, pomudzidzimutsa ndi makina a magetsi kapena pomulowetsa chubu pakhosi.

Ine ndimagwirizana nalo pepalali. Chondidetsa nkhawa ndi zimene limasanduka likafika m'manja mwa anthu otopa pa shifiti ya usiku. Lidalembedwa kuti liletse chinthu chimodzi pa mphindi imodzi, koma limatha kufalikira ngati palafini wodonthera m'thumba la ufa, mpaka chisamaliro chonse cha wodwalayo n'kuwonongeka. Dokotala amasaina n'kupita ku wodi ina. Wotsala pambali pa bedi ndi namwino, ndipo iyeyu ndi amene angaletse kufalikirako kapena kukulola.

Ambiri kudzutsa mtima timakudziwira m'mafilimu, momwe munthu amatsokomola kawiri n'kudzuka. Njira yodinikiza pachifuwa idatchuka mu 1960, pomwe William Kouwenhoven, James Jude ndi Guy Knickerbocker a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, ku America, adafalitsa zimene adapeza. Kouwenhoven adali injiniya wa zamagetsi, ndipo nkhawa yake idayambira pa amuna ogwira ntchito pa mawaya amene ankafa mwadzidzidzi akagwidwa ndi magetsi. Anthu otere thupi lawo limakhala labwinobwino, mtima wokha ndiwo wasokonezeka, ndiye ukaudzutsa msanga munthu amabwerera kwa ana ake. N'chimodzimodzinso womira m'madzi, kapena amene mtima waima ali pa opaleshoni.

Koma agogo a zaka 90 amene khansa yawadya mpaka m'mafupa, impso zaleka, mapapo adzaza madzi, mtima wawo suyamba ndiwo kuima. Umaima pomaliza, ziwalo zina zonse zitagonja kale, ndipo kuudinikiza sikubweza impso kapena mapapo. Kudinikizako si kusisita ayi. Malangizo amati chifuwa chizilowa masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi. Namwino aliyense amene adachitapo zimenezi pa nkhalamba amadziwa mmene nthiti zimamvekera pansi pa zikhatho zikamathyoka. Ngakhale m'zipatala za ku Britain, momwe gulu lodzutsa mtima limafika m'mphindi zochepa ndi zida zonse, mwa anthu anayi kapena asanu oyesedwa kudzutsidwa ndi mmodzi yekha amene amatuluka m'chipatala ali moyo. Zikachitikira kunyumba kapena pamsewu, sakwana mmodzi pa khumi. Kwa munthu wofooka kale ndi matenda a mgonagona mwayi ndi wochepa kuposa pamenepo, ndipo amene mtima wadzukadi kawirikawiri amangosamukira ku ICU, wodi ya odwala mwakayakaya, kukafera pa makina, ubongo utawonongeka. Munthu wokana zimenezi, kapena dokotala wokana kumuchita zimenezi, sadapenge.

Vuto limayambira pa malipoti osinthana shifiti. Wotuluka akuti, "Bedi 6, chibayo, DNACPR," ndipo mawu omalizawo ndi amene amatsala m'mutu mwa wolowa. Palibe amene amanena poyera kuti wodwalayu asasamalidwe. Zimangochitika pang'onopang'ono. Belu la pa bedi 6 likalira pamodzi ndi la pa bedi 9, mapazi amayamba kupita ku 9. Nthawi yoyeza BP ndi kutentha kwa thupi ikakwana ntchito itachuluka, wodumphidwa amakhala yemweyo. Manambala akatsika, wina amati, "Tiwadzutsirenji adokotala, si a DNACPR amenewa?" Ofufuza ku Britain ndi ku America akhala akulipeza khalidweli mobwerezabwereza: ogwira ntchito ambiri amaliwerenga pepalali ngati chizindikiro chakuti munthu ali kumapeto ndipo chithandizo china chichepe, pomwe silikunena choncho. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la Resuscitation Council UK lidatsogolera kukonza fomu ina yotchedwa ReSPECT, imene madera ambiri a ku England akugwiritsa ntchito tsopano. Fomuyi imayamba ndi zimene wodwala akufuna ndi chithandizo chimene ayenera kulandira, nkhani ya mtima n'kubwera pansi. Yathandiza ndithu, komabe belu likalira woliyankha ndi munthu.

Wodwala wa DNACPR akatsamwa ndi nyama pa chakudya chamasana, mumamumenya kumsana n'kuchotsa chotsamwitsacho monga mungachitire ndi wina aliyense. Kumuyang'ana akubanika chifukwa cha pepala ndi kunyalanyaza, ndipo kungakufikitseni kukhoti. Shuga akatsika mumamupatsa shuga. Akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno mumaimba 999 kuitana ambulansi, ndipo angathe kuchitidwa opaleshoni. Akadwala chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo amalandira maantibayotiki, diripi ndi okosijeni, pokhapokha ngati mwini wake adakana zimenezo padera kapena zidalembedwa mwanjira ina m'ndondomeko yake. Ambiri mwa anthu okhala ndi pepalali sali pafupi ndi imfa m'pang'ono pomwe. Amachira, amabwerera kunyumba, amakhala zaka, amalimbirana rimoti ya TV ndi adzukulu. Namwino amene amaona DNACPR n'kuyamba kumulira munthu akadali moyo akumulakwira.

Pali ena amene nthawi yawo yakwanadi, ndipo kwa iwowa ntchito ya namwino imachuluka kuposa kale. Pakamwa pamauma chifukwa munthu akupumira mkamwa ndipo sakumwa bwino, choncho pafunika kunyowetsa lilime pafupipafupi, kutsuka mano, kupaka mafuta pamilomo. Thupi losatembenuka limachita zilonda pamatako, pazidendene ndi m'chiuno. Ayenera kutembenuzidwa maola angapo alionse, koma mwanzeru, chifukwa kwa wa khansa ya m'mafupa kutembenuzako n'kowawa ndipo ayambe walandira mankhwala. Wosatha kumeza amalandira mofini kudzera pa kapampu kolowetsa mankhwala pansi pa khungu usana ndi usiku. Mofini amamanga m'mimba, ndiye namwino amafunsa za kuchimbudzi ngakhale funsolo lichititse manyazi. Wodwala akayamba kubuula ndi kutaya zofunda, namwino wodziwa ntchito sathamangira jakisoni wogonetsa wa midazolam. Amayamba wagwira pamimba kuona ngati chikhodzodzo chadzaza, poti mkodzo wokanika kutuluka umazunza munthu amene sangathenso kunena pomwe pakumuwawa. Pakhosi pakayamba kumveka makhololo, amamugoneka chammbali, amapereka mankhwala oumitsa ngati akufunika, n'kufotokozera abale kuti phokosolo nthawi zambiri limasautsa omva kuposa mwini wake.

Zambiri mwa izi zidakhazikika kuchokera pa ntchito ya Cicely Saunders, amene adayamba ali namwino asanakhale dokotala, ndipo mu 1967 adatsegula St Christopher's Hospice ku London, hosipisi kapena kuti nyumba yosamalira odwala amene ali kumapeto kwa moyo. Iye ankaphunzitsa kuti mankhwala a ululu aziperekedwa pa nthawi yake, osadikira kuti wodwala ayambe wakuwa, ndiponso kuti ululu wa munthu amene akumwalira uli ndi mbali zambiri: mantha, ngongole, ana osayanjana, mafunso a kwa Mulungu.

Britain idaphunzira movutikira zimene zimachitika pepala likalowa m'malo mwa maso a namwino. Kudali ndondomeko yotchedwa Liverpool Care Pathway, yokonzedwa ndi cholinga chabwino chofikitsa luso la m'mahosipisi m'mawodi wamba. Itafalikira dziko lonse, mabanja adayamba kudandaula kuti abale awo ankamanidwa madzi, ena ankagonekedwa ndi mankhwala, ena ankaikidwa pa ndondomekoyi achibale osauzidwa. Komiti yotsogozedwa ndi Baroness Julia Neuberger idaunika nkhaniyi ndipo mu 2013 idalangiza kuti ithetsedwe. Idathetsedwadi mu 2014. Malangizo obwera pambuyo pake ndi omveka: munthu amene akufuna kumwa ndipo angathe kumeza athandizidwe kumwa, ngakhale pa tsiku lake lomaliza.

Namwino ali ndi udindo wina umene anzathu ochokera kunja amauopa, wofunsa mmene pepalalo lidabwerera. Janet Tracey adali ndi khansa ya m'mapapo, ndipo mu Febuluwale 2011 adathyoka khosi pa ngozi ya galimoto n'kugonekedwa pa chipatala cha Addenbrooke's ku Cambridge. Madokotala adaika DNACPR m'fayilo mwake osakambirana naye mokwanira. Banja litazindikira lidakana ndipo pepalalo lidachotsedwa, kenako lina lidaikidwa atakambirana ndi banjalo. Mayiyu adamwalira mu Malichi chaka chomwecho. Mwamuna wake adapita kukhoti, ndipo mu Juni 2014 khoti la apilo lidagamula kuti ufulu wake udaphwanyidwa pa pepala loyamba lija. Kuchokera pamenepo, dokotala ayenera kukambirana ndi wodwala pokhapokha ngati kukambiranako kungamuvulaze m'thupi kapena m'maganizo. Kungoopa kuti adandaula si chifukwa chokwanira. Chaka chotsatira, pa mlandu wa Carl Winspear, mnyamata wa zaka 28 wolumala kwambiri amene sakanatha kudzisankhira, khoti lidati achipatala ku Sunderland adalakwa kulemba pepalali pakati pa usiku osaimbira mayi ake.

Zigamulozi zilipo chikhalire, koma Covid-19 itafika mu 2020 mapepalawa adalembedwa mwachisawawa. Kudamveka za nyumba za okalamba momwe onse okhalamo adaikidwa pa DNACPR nthawi imodzi, ndiponso za anthu ovutika kuphunzira amene adapezeka nalo pepalali popanda chifukwa china koposa ulumali wawo. Bungwe loyang'anira zipatala ndi nyumba zosamalira anthu ku England, Care Quality Commission, mu lipoti lake la mu Malichi 2021 lidati osamalira anthu adauza bungweli za mapepala oposa 500 olembedwa chiyambire mliriwo popanda kugwirizana ndi wodwala kapena abale ake. Pepala lililonse mwa amenewa lidadutsa m'manja mwa namwino kapena wosamalira wina amene adaliona n'kulibweza m'fayilo.

Sindikuwaweruza. Munthu amene viza yake yamangika pa bwana mmodzi, kumudzi akumudikira ndi fizi ndi feteleza, amaganiza kawiri asanatsegule pakamwa. Komabe mafunso ake ndi aafupi ndipo sanyoza aliyense. Adalemba ndani, liti? Chifukwa cholembedwa n'chiyani? Mwini wake akudziwa? Ngati pa chifukwa pangolembedwa ukalamba kapena Down's syndrome basi, pepalalo lili ndi vuto, ndipo akuluakulu a NHS ku England adanena kale poyera kuti ulumali wotere paokha si chifukwa cholembera DNACPR. Namwino wofunsa zimenezi ali mkati mwa ntchito imene adalembedwera.

Abale nawo amafunika kuthandizidwa kumvetsa, ndipo mafunso awo enieni safunsa dokotala. Amadikira usiku, wodi itakhala chete. Ku Britain chisankhochi chimakhala cha dokotala, kapena m'malo ena namwino wamkulu wophunzitsidwa. Banja silisaina chilolezo, limafunsidwa zimene wodwalayo akanafuna. Wodwala wa mutu wake ali ndi ufulu wokana kudzutsidwa, koma sangakakamize dokotala kuchita chimene sichingagwire ntchito, ngakhale angapemphe kuti dokotala wina aunikenso. Zimenezi zikapanda kufotokozedwa bwino, mwana wamkazi wa wodwalayo amatsala ndi katundu amene si wake. Foni ikulira, amalume ali ku Dedza akuti, "Musalole, achite chilichonse!" Iye akutembenukira kwa namwino misozi ili m'maso: "Anesi, kodi ndawapha amayi anga ine?" Yankho lake liyenera kukhala loona ndiponso lachidule: "Ayi mayi, simudasankhe ndinu. Matenda ndi amene akuwatenga amayi. Ife sitisiya kuwasamalira, ndipo ululu tithana nawo." Namwino amene angathe kunena mawu amenewa m'chinenero cha banjalo, mwinanso kulankhula ndi amalumewo mwaulemu wake, akugwira ntchito imene dokotala wa ku Britain sangaigwire.

Ndikudziwa kuti kwa ambiri a ife nkhaniyi imalasa chikumbumtima. Tidaleredwa kuti mwini moyo ndi Mulungu, ndipo kutchula imfa ya munthu akadapuma ndi kumulosera zoipa, ena mpaka amakuganizira ufiti. Namwino wopemphera amadzifunsa ngati kuima manja ali pansi mtima wa munthu utaima si kupha. Funsoli si lopusa. Koma DNACPR simwetsa munthu chomupha ndipo sizimitsa makina alionse, imayamba kugwira ntchito mtima utaima kale wokha. Mpingo wa Katolika, umene umakana kwamtuwagalu kupha wodwala mwadala, udasiyanitsa zinthu ziwirizi kalekale. Papa Pius XII adauza madokotala mu 1957 kuti munthu sakakamizidwa kugwiritsa ntchito njira zopitirira muyeso pofuna kutalikitsa moyo, ndipo Katekisimu wa mpingowu pa ndime 2278 amalola kusiya chithandizo cholemetsa chosalingana ndi phindu loyembekezeka. Makolo athu amene adatsikira kuli chete ali pamphasa, atazunguliridwa ndi ana awo, popanda wowathyola nthiti, palibe adawachimwira.

Chitsutso champhamvu kwambiri chimachokera kwa anamwino eni ake. Amati usiku tilipo awiri, odwala makumi awiri kapena kuposa, sitingakhale paliponse, tiyenera kusankha. N'zoona, ndipo amene sadagwirepo shifiti ya maola 12 asafulumire kuwadzudzula. Koma kusankhako kuyendere chimene wodwala akusowa pa ola limenelo. Ndinganene mopitirira: wa DNACPR amene kupuma kwake kwasintha mwadzidzidzi ndiye woyenera kufikiridwa msanga kuposa onse. Mnzake wa pa bedi 9 zikavuta kuli gulu lodzutsa mtima lodzayesa kukonza zimene zachedwa. Wa pa bedi 6 alibe mwayi wachiwiri umenewo. Chilichonse chimene chingamupulumutse chiyenera kuchitika mtima usanaime.

Cholakwa china ndi cha mbali inayo. Pepala latsalira kuchipatala, kapena lili mu ofesi yokhoma, wogwira ganyu wa ku ejensi sadauzidwe, ndiye agogo amene adakana momveka bwino akudinikizidwa pakapeti mpaka ambulansi ifike. Pepalali liyenera kuyenda ndi mwini wake, ndipo aliyense wolowa shifiti adziwe amene ali nalo asanayambe ntchito. Pomwe palibe pepala ndipo simukudziwa, mumayamba kudzutsa n'kuitana thandizo. Choipitsitsa ndi kudzutsa kwachiphamaso, kuyenda mwaulesi n'kumadinikiza pang'onopang'ono kuti abale aone ngati tayesetsa. Limenelo ndi bodza lobisa mantha a anthu amene adalephera kulankhula nthawi ikadalipo.

Kwathu ku Malawi pepalali silidazolowereke m'mawodi, koma chisankho chake chimapangidwa tsiku ndi tsiku mwakachetechete. Mabedi a ICU ndi owerengeka m'dziko lonse, ndipo chimene gadiyani amamva kawirikawiri ndi chakuti, "Palibenso chomwe tingachite, pitani nawo kunyumba." Ine sindikufulumira kunena kuti tikopere fomu ya ku Britain. Mu wodi momwe namwino mmodzi akuyang'anira odwala makumi angapo, mzere wofiira pa fayilo ungasanduke chilolezo chodutsa bedi osaima, ndipo woyamba kulembedwa angakhale wosauka amene gadiyani wake amaopa kufunsa. Choyenera kutengera ndi kukambirana kuja kumene makhoti a ku Britain adaumirira, kuti wodwala ndi abale auzidwe zoona nthawi ikadalipo.

Aphunzitsi ake tili nawo kale. Ku Queens ku Blantyre kuli Tiyanjane yosamalira akuluakulu ndi Umodzi yosamalira ana, ku Salima kuli Ndi Moyo imene adayambitsa namwino Lucy Finch, ndipo kuli bungwe la PACAM lolumikiza ogwira ntchito yochepetsa ululu. Anamwino a m'malo amenewa amasamalira anthu amene palibe adzawadinikize pachifuwa, ndipo gadiyani sabwerera kumudzi chimanjamanja. Amanyamula botolo la mofini wamadzi, atauzidwa mlingo wake ndi kuti aziwamwetsa maola anayi alionse osadikira kubuula. Amaphunzitsidwa kutembenuza wodwala pamphasa osamupweteka, kunyowetsa pakamwa ndi kansalu koyera, kutsuka chilonda, ndiponso kuzindikira zizindikiro za masiku omaliza kuti abale akutali aitanidwe msanga. Zimenezi ziyenera kufika mu wodi iliyonse ya chipatala cha boma, kuti namwino wotulutsa wodwala wotere akhale pansi ndi gadiyani ngakhale mphindi khumi asanamupatse chiphaso chake.